Mtanda Wodzaza ndi Mfuti

Tsiku lina madzulo, pa nthaŵi ya tchuthi cha sukulu, ndidaloŵa m'chipinda cha mwana wanga wamwamuna kuti ndikamuitanire ku chakudya. Ndidampeza ataŵeramira kompyuta ya mlongo wake, maso ali tong'o, osamva nkomwe kuti chitseko chatsekuka. Nditasuzumira pa phewa pake ndidaona chithunzi chimene chidandiimitsa mutu. Munthu wovala suti yakuda, ndudu ili pakamwa, adatsitsa mtanda waukulu umene adasenza kumsana, nkumasula nsalu imene idaukuta. Mtandawo udatsekuka ngati kabati, ndipo m'kati mwake mudali mfuti zondandalika bwinobwino.

"Ameneyu ndani?" ndidafunsa.

"Ndi wansembe, Bambo," adatero mnyamatayo, osatembenuka.

Sindidafunsenso china. Ndidatseka kompyuta ija ndi dzanja langa, nkumuuza kuti zonyoza chipembedzo m'nyumba mwanga ai. Iye sadaŵiringule, poti ndi mwana waulemu, koma pa chakudya adangodya mbamu ziŵiri, ndipo ponyamuka adanena motsitsa mau kuti, "Bambo, mwagamula mlandu musadaumve." Mau ameneŵa adandilasa chifukwa ndi anga omwe, ndimaŵauza ana anga kaŵirikaŵiri akamakangana. Nchifukwa chake m'maŵa mwake ndidamuuza kuti tidzaonera limodzi seŵero lonselo kuyambira pa chiyambi, gawo limodzi kapena aŵiri usiku uliwonse, ndipo pamapeto pake ndidzagamula. Zidatitengera masabata atatu. Ndineneretu kuti mlanduwo sudathe monga m'mene ndinkaganizira.

Dzina la seŵerolo ndi Trigun, limodzi mwa makatuni a ku Japan amene achinyamata amaŵatchula kuti anime. Mwini nkhani ndi Yasuhiro Nightow, amene adayamba kuisindikiza m'chaka cha 1995 ngati nkhani ya m'zithunzi, mtundu wa mabuku umene kwao amati manga. M'chaka cha 1998 kampani ya Madhouse idaisandutsa makatuni a pa wailesi yakanema, magawo 26, motsogozedwa ndi Satoshi Nishimura, ndipo TV Tokyo idaŵaulutsa kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Sepitembala chaka chomwecho. Kwao ku Japan seŵeroli silidamveke kwenikweni. Kudali ku America, makamaka litaonetsedwa pa wailesi yakanema m'chaka cha 2003, kumene anthu adaligwira ndi manja aŵiri. Makolo anzanga, mau akuti katuni asatipusitse. Ife mauŵa amatikumbutsa mphaka wothamangitsa khoswe, koma a ku Japan amajambula nkhani za misinkhu yonse, ndipo Trigun si ya ana a sukulu ya mkaka.

Nkhani yake ikuchitika kutsogolo kwambiri, pa dziko lina lakuthambo, la madzuŵa aŵiri ndi mchenga wokhawokha. Anthu adafikako mwangozi. Dziko lathu lino litaguga, makolo ao adakwera zombo zikuluzikulu zamumlengalenga, ambiri a iwo atagonekedwa tulo ta zaka zambiri, kukafunafuna kwina kokakhala. Zombozo zidagwa pa chipululu chimenechi, ndipo opulumuka adamanga midzi pafupi ndi zibenthu zake. Nzeru zopangira makina zidatayika. Chotsala ndi zinthu zonga mababu a magetsi, aakulu kuposa nyumba, zotchedwa Plant, zimene zimaŵapatsa magetsi ndi zina zofunika pa moyo. Babu likazima, mudzi wafa. Madzi ngosoŵa, lamulo nlofooka, ndipo pafupifupi aliyense amayenda ndi mfuti m'chuuno.

M'dziko limeneli muli munthu mmodzi amene dzina lake lokha limabalalitsa mudzi wathunthu: Vash the Stampede. Amamtcha namondwe wokhala ndi thupi la munthu, chifukwa kumene wadutsa kumatsala mabwinja. Akuti adafafaniza mzinda wonse wa July, ndipo womgwira, wamoyo kapena wakufa, adzalandira 60,000,000,000 za ndalama za kumeneko. Kampani ina ya inshuwalansi, itatopa ndi kulipira nyumba zogumuka, ikutuma atsikana aŵiri, Meryl Stryfe ndi Milly Thompson, kuti akampeze ndi kumamlondalonda, mwina kuononga kungachepe. Amene akumpeza ndi mnyamata wamtali, wa tsitsi loimirira ngati tsache, wovala chikhoti chofiira, wokonda madonasi, wosachedwa kulira, wothaŵa ndeu akukuwa ngati mwana. Meryl akukana kwamtuwagalu kuti chitsiru chimenechi chingakhale Vash, ndipo akukanabe mpaka gawo lachisanu.

Ndiulule kuti magawo oyambawo ndidaseka, ngakhale ndidakhala pansi ndi nkhope yoti sindiseka. Koma posakhalitsa ndidayamba kuzindikira kanthu. M'chipwirikiti chonsecho, zipolopolo zikugwa ngati matalala, chitsiruchi chikagwa chimagwa pa malo oyenera, chikapunthwa chimakankha munthu kumchotsa pa njira ya imfa. Kupusa kuja nchovala chabe. Vash ndi katswiri wa mfuti woposa onse, ndipo luso lake lonse amalithera pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti pasafe munthu, ngakhale amene wabwera kudzamupha. Pa mpikisano wina wa oombera mfuti, iye akugenda timiyala mobisa kuti zipolopolo za anthu ena zipatuke, zisalase pa malo akupha. Adalumbira kuti sadzachotsa moyo wa munthu, ndipo seŵero lonse ndi mayeso a lumbiro limenelo.

Apa mpamene pagona kukoma kwake. Makanema ankhondo amene ife tidakulira, ngwazi inkagwetsa anthu makumi aŵiri ife nkumaomba m'manja, osafunsa ngati mmodzi mwa ogwawo adali ndi mai wake. Mtima unkagunda pofuna kudziŵa ngati ngwaziyo ipulumuke. Mu Trigun mtima umagunda pofuna kudziŵa ngati mdani apulumuke. Chinthuchi nchaching'ono pochinena, koma chimatembenuza m'mene munthu umaonera ndeu iliyonse, ndipo ndidadzipeza ndikupumira m'mwamba pamene chigaŵenga china chonyansa chidachoka chikutsimphina, chili moyo.

Pakati pa seŵeroli pali kachigawo kamene sindidzakaiŵala. Atsikana aja akuloŵa m'chipinda mwadzidzidzi nkumpeza Vash atavula malaya. Thupi lonse ndi zipsera zokhazokha, pena posokedwa, pena pokhomedwa tizitsulo, pena mnofu udachokeratu, ndipo mkono wamanzere ngwachitsulo. Zipsera zambirizo ndi za anthu amene Vash akadatha kuŵapha msanga asadamkhudze, koma adaŵaleka. Mwana wanga pamenepo adandiyang'ana cham'mbali, osanena kanthu. Ine ndidaganiza za maulaliki ambiri onena za kukhululuka amene ndidamva pa moyo wanga, ndi m'mene ndimatulukira m'tchalitchi ndikuyesa kuti kukhululuka ndi nkhani ya mau ofatsa ndi kugwirana chanza. Wojambulayu adaika mtengo wake pa khungu la munthu, poonekera. Pa gawo lina kutsogolo, achifwamba atagwira kamtsikana, Vash akuvomera kuvula zovala pamaso pa anthu ndi kuuwa ngati galu kuti amumasule. Ndi ngwazi zingati za m'makanema zimene zingalole manyazi otere, pamene mfuti ingathetse nkhani m'kamphindi?

Gwero la lumbiro lake tikulipeza m'gawo la 17, limene likutibweza m'mbuyo zaka zoposa 100, zombo zija zisadagwe. Kumeneko tikumva kuti Vash si munthu monga ife. Iye ndi mbale wake Knives ndi mapasa a mtundu wa Plant, poti m'mababu muja simuli makina chabe, muli zamoyo, ndipo nchifukwa chake aŵiriŵa sakalamba monga anthu. Adaŵalera ndi mai wina wa m'chombomo, Rem Saverem, amene adaŵaphunzitsa kuti palibe amene ali ndi ufulu wochotsa moyo wa mnzake. Tsiku lina anaŵa akupeza gulugufe atakodwa mu ukonde wa kangaude. Vash akufuna kumuonjola mosamala, kuti asapweteke aliyense mwa aŵiriwo. Knives akungotambalitsa dzanja nkuphwanya kangaudeyo. Vash atakwiya, mbale wakeyo akumuyankha mosatekeseka kuti ukamapulumutsa agulugufe onse kangaude adzafa ndi njala, tsono kufuna kupulumutsa onse aŵiri nkudzinamiza. Posakhalitsa mwana yemweyu adagamula kuti akangaude ndi anthu, oononga chilichonse chimene akhudza, ndipo ndiye adagwetsa zombo zija. Rem adakankhira mapasawo m'kachombo kothaŵira, iye nkutsalira kuti apulumutse ogona aja, ndipo adafera momwemo.

Ndidaimitsa kompyuta pamenepo nkumufunsa mwana wanga kuti wolondola ndani. Adati Vash. Ndidati, "Nanga kangaude adya chiyani?" Adakhala chete, ndipo ine ndemwe yankho ndidalibe. Ndidaŵapatsa ulemu alembi a seŵeroli usiku umenewo, chifukwa sadampatse mdani mfundo yopusa yoti ngwazi iigwetse ndi chala chimodzi. Adampatsa mfundo imene anthu anzeru akhala akuigwiritsa ntchito poyambitsa nkhondo.

Tsono tibwere kwa wansembe uja amene adayambitsa mlandu. Dzina lake ndi Nicholas D. Wolfwood, ndipo akuyamba kuoneka m'gawo la 9. Amasuta, amamwa, pakamwa pake mposasamala, ndipo amayenda ndi kabokosi kooneka ngati katchalitchi, kamene amaveka munthu kumutu kuti alape, iye nkulandirapo ndalama. Zimenezi mpaka lero sizindikondweretsa, ndipo ndidamuuza mwana wanga mosabisa kuti sakramenti si choseŵeretsa. Komabe tiyenera kukumbukira kumene seŵeroli lidachokera. Ku Japan Akhristu ngoŵerengeka, pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse, ngakhale Francis Xavier woyera adafikako ndi Uthenga Wabwino kale m'chaka cha 1549. Ojambula ambiri kumeneko amatenga mtanda ngati chokometsera chachilendo, monga m'seŵero lina lotchuka la 1995, Neon Genesis Evangelion, m'mene moto umaphulika mooneka ngati mtanda. Ndinkayesa kuti Wolfwood ndi chokometsera cha mtundu womwewo. Ndidalakwa.

Wolfwood ndiye munthu weniweni m'nkhani yonseyi. Ndalama zimene amatolera nza nyumba ya ana amasiye. Adapha koyamba akali mwana, ndipo adaleredwa ndi munthu amene adamphunzitsa mfuti m'malo mwa pemphero. Chikhulupiriro chake nchakuti m'dziko lotere munthu uyenera kusankha wopulumuka, ndi kusankha msanga, chifukwa pamene ukuzengereza kufunafuna njira yopulumutsira onse, mwana wina akufa. Amanena poyera zimene ambirife timanena mumtima. Mbala italoŵa usiku ndi chikwanje, ana ali m'tulo, ndani mwa ife angayambe kuganiza za moyo wa mbalayo? Ndipo sindinganene kuti ngwosokera kotheratu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amaphunzitsa kuti kudziteteza nkololedwa, ndiponso kuti kwa munthu amene akuyang'anira miyoyo ya ena kungakhale udindo waukulu. Katekisimu yemweyo, monga adamkonzera Papa Francis m'chaka cha 2018, akukana chilango cha imfa, chifukwa ngakhale wopha mnzake sataya ulemu wake wa umunthu. Ndinkati ndikamamva Vash ndi Wolfwood akukangana pa ulendo wao, ndinkamva ngati masamba aŵiri a buku limodzi akutsutsana.

Mkanganowo ukufika pachimake m'gawo la 22. Mmodzi mwa adani otumidwa ndi Knives ndi kamnyamata, Zazie, ndipo kamuloza Vash ndi mfuti. Vash akulankhula nako mofatsa, ndipo zikuoneka ngati kayamba kufeŵa. Wolfwood sakudikira, akukaombera. Wapulumutsa mnzake, koma wapha mwana, iye amene moyo wake wonse adaupereka kwa ana. M'gawo lotsatira akukumana ndi mphunzitsi wake uja, Chapel, akumgonjetsa, ndipo kwa nthaŵi yoyamba akuyesa njira ya Vash: akumleka wamoyo nkutembenuka kuti azipita. Pomwepo akulasidwa. Akudzikoka mpaka m'tchalitchi mopanda anthu, akugwada patsogolo pa guwa atatsamira mtanda wake uja, nkuyamba kulankhula ndi Mulungu monga munthu amene sadazoloŵere kutero. Akuŵerenga machimo ake, akufunsa ngati adalakwa moyo wake wonse, akudandaula kuti sakufuna kufa. Imeneyo si imfa yokongola ya m'mabuku a anthu oyera, koma ndidaikhulupirira. Munthu amene ndidamtsekera kompyuta ndiye adanditulutsa misozi, ndipo ndidayamika kuti m'chipindamo mudali mdima.

Zolakwika za seŵeroli nzambiri, ndipo zina nzosavuta kuziloza. Kajambulidwe kake nkosalingana: pena nkokongola, pena nkhope ya munthu yemweyo imasintha ngati wajambula ndi wina, pena chithunzi chimangoima mau akupitirira. Mbali yaikulu ya gawo la 13 nkubwereza zimene taona kale. Nthabwala za m'magawo oyamba, zoti Vash amathamangira mkazi aliyense wokongola mpaka kufuna kusuzumira wina akusamba, nzotsika, ndipo sizigwirizana nkomwe ndi munthu amene tikumdziŵa pambuyo pake. Adani amene Knives akutuma, gulu lotchedwa Gung-Ho Guns, amatulukira mmodzimmodzi, aliyense ndi chida chake chodabwitsa, wina mpaka lipenga lopha ndi kulira kwake, koma ambiri amachoka tisadadziŵe chimene chidaŵasandutsa otero. Palinso chinyengo chimene makanema a mtundu uwu sachilephera: amalalikira mtendere uku akupukuta mfuti kuti iŵale. Mfuti yasiliva ya Vash, mtanda wa Wolfwood, magitala a Tsuneo Imahori olira pamene ndeu ikuyamba, zonsezi adazikonza kuti mnyamata azisirire. Pachikuto pa kope la masamu la mwana wanga ndidapezapo chithunzi cha mtanda uja, mfuti zake zonse zili mbee. Rem sadamjambule.

Koma chimene chidandivuta koposa ndi china. Chifundo cha Vash chimatheka chifukwa iye si munthu. Amazemba zipolopolo, amalasa pamene wafuna ngakhale ali kutali, amapirira mabala amene akadapha inu ndi ine. Ali ndi njira yachitatu pakati pa kupha ndi kuphedwa chifukwa dzanja lake nlofulumira kuposa la wina aliyense. Munthu wamba woyamba kuyesa njira yakeyo, Wolfwood, akufa tsiku lomwelo. Tsono mwana woonera atolapo chiyani? Kodi si kuti kuleka mdani wamoyo ndi mwaŵi wa amphamvu okhaokha, ndipo ife otsalafe tingosirira?

Onjezanipo kuti alembi amamsesera Vash pabwalo. Adani oopsa amene iye waŵaleka sakhalitsa: Monev akuphedwa ndi a gulu lake lomwe, Rai-Dei akuomberedwa ndi Wolfwood, Caine akudziombera yekha. Manja a Vash amatsala oyera chifukwa ena adetsa ao, ndipo ife sitiona konse kuti kukhala mudzi umodzi ndi wakupha amene wakhululukidwa kumakhala kotani. Ngakhale za mzinda wa July uja, umene udagumuka ndi mphamvu yoopsa ya mu mkono wa Vash imene Knives adaiutsa mwiniwake asakufuna, tikuuzidwa kuti pa kugumukapo sipadafe munthu, anthu adafa pambuyo pake ndi usiŵa ndi kulimbirana zotsala. Zimenezi zidandidabwitsa, pochokera ku dziko limene limadziŵa bwino chimene kuŵala kotere kumachita. Hiroshima adapsa pa 6 Ogasiti 1945, Nagasaki pa 9, ndipo ku Nagasaki tchalitchi lalikulu la Akatolika la Urakami lidagwera anthu amene adali m'kati. Moto wotere susankha. Ndikuganiza kuti alembiwo adachita mantha kumsenzetsa Vash mitembo, poopa kuti tingaleke kumkonda.

Ndidamuuza mwana wanga zonsezi ndi mtima wa munthu amene wapambana mlandu. Iye adangoti, "Dikirani, Bambo, kwatsala magawo atatu."

M'gawo la 24 alembi akuleka kumtchinjiriza. Mtumiki wamkulu wa Knives, Legato Bluesummers, ali ndi mphamvu yolamulira matupi a anthu ena, ndipo cholinga chake si kupha Vash koma kumthyola mtima. Akugwiritsa ntchito anthu a m'mudzi osalakwa kuti agwire Meryl ndi Milly, iye nkugwada patsogolo pa Vash, mutu wake pa kamwa la mfuti. Njira yachitatu palibe. Liŵiro la dzanja silithandiza kanthu. Vash akuombera, ndipo lumbiro la zaka zoposa 100 likuthera pamenepo. Nyimbo yachipambano palibe. Gawo lotsatira tikumpeza ali gone m'kamudzi kena, wosafuna kudya, wodziyesa wakupha monga ena onse. Anthu a m'mudzimo atazindikira kuti mlendoyu ndi Vash the Stampede, akumumanga nkumkwekweza pansi ndi galimoto, ndipo mmodzi wa iwo akumuloza ndi mfuti kuti amalize. Vash sakudziteteza. Amene akuima pakati ndi Meryl, mkazi wamfupi wa ntchito ya mu ofesi, wopanda mphamvu iliyonse yodabwitsa. Akuyenda kulunjika ku mfutiyo manja ali otambalala, akunena zomwe zija Rem ankaphunzitsa, ngakhale Rem sadamuonepo. Munthu uja akutsitsa mfuti.

Pamenepo ndidapempha kuti tiime, ndipo sichidali chifukwa cha tulo. Ndidakumbukira tsiku lina zaka zambiri zapitazo, mwana wangayu asadabadwe, pamene ndidali pa msika wina m'tauni. Kudamveka mfuu yakuti wakuba, ndipo m'kanthaŵi kochepa mnyamata wina adali pansi, anthu atamzinga. Ankati watsomphola chikwama. Ena ankamponda, ena ankathamangira miyala, ndipo iye ankaitana mai wake. Ine sindidatole mwala. Sindidanenenso kanthu. Ndidaima ndi jumbo langa la ndiwo m'manja, kenaka ndidatembenuka nkumapita, ndikudziuza kuti munthu mmodzi sangaletse khamu, kuti ndilibe mphamvu, kuti angandiyese mnzake. M'maŵa mwake ndidamva kuti mnyamatayo adamwalira. Nkhaniyi ndidaiulula kamodzi kokha, kwa wansembe, ndipo kunyumba sindidaitchulepo.

Ndidazindikira usiku umenewo kuti mlandu umene ndinkazenga seŵeroli, wakuti chifundo ncha amphamvu okhaokha, udali chodzikanira changa chakale chimene ndidangochiveka malaya atsopano. Sindikubweza zimene ndanena pamwambapa. Nzoona kuti kwa magawo oposa 20 Trigun imatsamira pa luso losatheka, ndiponso kuti khamu lenileni silitsitsa miyala msanga monga adachitira munthu wa m'katuni uja. Mwina ndikadalankhula akadandiponda nane. Koma pa malo amene nkhani idafika pothina kwenikweni, katswiri wa mfuti adali gone m'fumbi, ndipo amene adapulumutsa moyo adali munthu wa mphamvu zonga zanga. Ndidamsimbira mwana wanga za kumsika kuja. Aka kadali koyamba kuti andimve ndikudzineneza.

Gawo lotsiriza lidandikhumudwitsa pang'ono, ndisaname. Vash akupita kukakumana ndi Knives atasenza mtanda wa Wolfwood. Ndeu yake njaitali, ndipo pamapeto pake mtanda uja ndiwo ukumpulumutsa. Akumlasa mbale wake m'mapewa ndi m'miyendo, akumumanga mabala, akusiya chikhoti chofiira chija pa mchenga, nkumsenza paphewa kubwerera naye kwa anthu. Seŵero likuthera pomwepo, pamene ntchito yovuta ikuyamba. Knives akadzuka, Vash adzamuuza chiyani? Nanga anthu amene makolo ao adafa m'zombo zija adzamlandira bwanji? Kangaude ali moyo, koma funso la chakudya chake silidayankhidwe. Chifukwa china cha kufupika kumeneku nchodziŵika: pamene makatuniŵa ankapangidwa m'chaka cha 1998, Nightow adali asadamalize nkhani yake. Adaipitiriza pa dzina lakuti Trigun Maximum mpaka 2007, mabuku 14, kotero kuti a wailesi yakanema adachita kupeka mathero aoao. M'chaka cha 2023 kampani ina, Orange, idaisimbanso nkhaniyi mwatsopano ndi zithunzi za pa kompyuta, pa dzina lakuti Trigun Stampede, ndipo mwana wanga wayamba kale kundinyengerera kuti tidzaonerenso imeneyo.

Chigamulo ndidapereka pa chakudya chamadzulo, pamaso pa amai ake. Ndidati mnyamata wa zaka 16 angathe kuonera Trigun, ndipo ndi bwino kuti wamkulu akhale naye pafupi, chifukwa mafunso amene imadzutsa ngolemera kuposa msinkhu wake. Mng'ono wake wa zaka 9 ndidamletsa, ndipo ndikumletsabe. Za kabokosi kolapira kaja ndidati maganizo anga sadasinthe. Za kutseka kompyuta tsiku lija ndidapepesa.

Titatha kudya adanditsatira pakhonde. Adakhala kanthaŵi osalankhula, kenaka adati, "Bambo, kumsika kuja, mukadati mulankhule, mukadanena chiyani?"

Ndidamuuza kuti mau ake ndakhala ndikuŵafunafuna zaka zonsezi, ndipo amene ndimaŵapeza amaoneka ochepa. Chimene ndimakumbukira bwino ndi mtunda: kuchokera pamene ndidaima kufika pamene adagona mnyamata uja padali mapazi osapitirira khumi. Mwana wanga adayang'ana pabwalo ngati akuŵerenga mapaziwo, kuchokera pakhonde kufika pa mtengo wa mango. Kenaka amai ake adamuitana kuti akabweze kompyuta ya mlongo wake, ndipo adaloŵa m'nyumba.